Adilesi ya Mayi Zlatka

Kumathero a tauni yathu kuno ku Bulgaria, nyumba ya Mayi Zlatka, osesa mumsika, ndiyo yokha ili ndi mapepala a boma. Enafe tinangomanga. Popanda adilesi sulandira chiphaso, choncho tonse tinalembetsa kuti timakhala kwa iwo, anthu makumi anayi m'zipinda ziwiri.

Kenako apolisi anagula kompyuta yolosera kumene kuchitike umbanda. Wina akagwidwa ndi nkhuni zakuba, wina akachita ndewu paukwati, kompyutayo inkangoona khomo limodzi lomwelo.

Lachiwiri lapitali anabweranso kudzachita chipikisheni, matiresi onse kuwataya pabwalo.

"Makina sanama, mayi," anatero wapolisi. "Pano ndi phanga la mbava."

"Ndiye kawafunseni makina anuwo kuti anthu makumi anayi amagona pati muno!"

Apolisi asanachoke, panafika Asenka, mtsikana woyembekezera wopanda chiphaso, atanyamula fomu yolembetsera adilesi. Ataona yunifolomu, anayamba kubwerera cham'mbuyo.

"Bwera kuno, mwanangu," anatero Mayi Zlatka. Anatembenukira wapolisi uja. "Bwana, tandibwerekani cholembera."