Anandisinthira Mfundo pa Mawaya a Injini

Lachiwiri lapitali injini inandimenya mkono, ntchito n'kundithera pomwepo. Ndikulemba ndi dzanja lotupa, choncho musayembekeze mawu okoma.

Pafupi ndi boma la Dedza pali mzungu wocheka matabwa. Anagula injini ya galimoto yokalamba imene inafera pamsewu wopita kunkhondo ya Ajeremani, kuti izimuyendetsera sowo. Amuna anainyamula pamitengo, n'kuimangirira pathandala kuti iyesedwe ili pomwepo, yopanda mateyala. Mmisiri wake anachokera ku Kabula, dzina lawo a Jemusi. Mzungu anati a Jemusiwo akamabwerera kwawo, patsala munthu mmodzi woyang'anira injiniyo. Ofuna malowo tinali awiri: ine ndi Lazaro, mwana wa mlongo wawo wa a Jemusi.

Mukudziwa mmene zilili masiku ano. Wantchito wa mzungu samugwira. Wopanda ntchito amamulemba kukhala mtengatenga, azikasenza katundu wa asilikali mpaka kumpoto. Achimwene anga anapita chaka chatha. Mpaka lero palibe ngakhale uthenga.

Injini ili ndi kabokosi kobala moto. Pamenepo pamachoka mawaya anayi kupita ku mapulagi anayi. Sayenda motsatana monga tinkawerengera kusukulu ndisanaisiye. Waya aliyense ali ndi pulagi yakeyake. Ukasokoneza, injini silira. Chinsinsi chonse n'chomwecho.

Ndiye a Jemusi akafika pa mawayawo ankatani? "Iwe, kanditungire madzi." Pobwera ndinkapeza amanga kale, pamwamba aphimba ndi nsanza.

Tsiku lina ndinafunsa. "Bambo, waya uyu amapita kuti?"

"Amapita kumene amapita. Unathawa mayeso kusukulu kuti udzayese ine?"

Lazaro anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Sukulu ndinasiyadi, koma mutu sindinausiye kumeneko. Iwo atapita kukadya, ndinavundukula nsanza ija, n'kumanga kaluzi pa waya aliyense, chakunsi kosaonekera: mfundo imodzi wa pulagi yoyamba, ziwiri wa yachiwiri, mpaka zinayi.

Lachiwiri mzungu anabwera kudzatiyesa. A Jemusi anazula mawaya onse nati kwa ine monyodola, "Yambani inuyo, aphunzitsi." Ndinamanga potsata mfundo zanga, ndinathira petulo, n'kugwira chitsulo chopukusira. Injini inatsokomola, kenaka inaphulika ngati mfuti yagogodela. Chitsulo chinabwerera m'mbuyo n'kundipeza pamkono. Lazaro anamanga osayang'ana kawiri, injini inalira mpaka thandala kunjenjemera.

Mzungu sanakalipe. Anangondilozera njira.

Ndisanachoke ndinasuzumira pa luzi langa. Ine ndimamanga mfundo ya khwekhwe, imene atate anandiphunzitsa potchera nkhwali kuphiri. Pa mawaya awiri apakati ndinapeza mfundo ina, ija amamangira mitolo ya fodya. Kwathu kuno timalima chimanga ndi nyemba. Minda ya fodya wa m'mitolo ili kumwera, kumene anachokera a Jemusi.

Sindinawaone akumasula, ndipo sindinama kuti ndinawaona. Amayi akuti, "Mwanawe, munthu wamkulu ngati uja angalimbane ndi kaluzi kako? Unasokoneza wekha." Mwina. Koma zala zanga zinaphunzira liti mfundo imene sindiidziwa?

Sing'anga amakuonetsa mizu yonse, chizimba chokha amabisa. Amisiri atsopanowa atengera khalidwe lomwelo. Woumba njerwa sakuuza nthawi yozimitsa moto. Kalipentala akamanola sowo amakufulatira. Amakulola kusenza, kusesa, kutunga madzi. Pofika pa kanthu kamodzi kamene kangakusandutse mmisiri, akutuma. Timadandaula kuti azungu amatibisira nzeru, ndipo n'zoona, amabisa. Koma amene ankandithamangitsira kuchitsime kasanu patsiku sanali mzungu.

Mudzati chibale n'fupa, sichiola. A Jemusi anangopulumutsa magazi awo. Ndikumva. Ndikanakhala mwana wa mlongo wawo, nanenso ndikanaseka. Sindikuwada chifukwa chosankha Lazaro.

Chimene chikundiwawa n'chakuti anandisunga masabata atatu. Masabata omwewo ku mishoni ankalemba amuna oponda dothi la njerwa, ndipo ine sindinapiteko, poganiza kuti ndili pa mpikisano weniweni. Dzulo ndinapitako. Malo adzaza.

Mesenjala wa boma akubwera m'mudzi Lolemba kudzalemba maina a amtengatenga. Amayi ayamba kale kukazinga chimanga cha kamba, osandiyang'ana kumaso, monga anachitira ndi achimwene.

A Jemusi, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani zimenezi. Tsiku loyamba lija, chinakuvutani n'chiyani kungonena kuti, "Mnyamata, malo ano ali ndi mwini wake, kayese kwina"?