Tsiku Limene Ndinadzitcha Woyendetsa Boti

Minibasi ya kwathu ku Mnkhanya sinyamuka isanadzaze, ndipo ine ndinali nditachedwa ku ntchito yanga yatsopano yotsuka mbale pa kampu ina ya alendo, tsidya la Luangwa. Choncho ndinanama.

"Adalaiva, tiyeni chonde. Ndine woyendetsa boti, alendo akundidikira padoko."

Ananyamukadi mipando ina ilibe anthu, ine nditakhala kutsogolo ngati bwana. Njira yonse ndinkasimba mmene ndimazembera mvuu, chonsecho madzi ndimawaopa ngakhale ofika m'mawondo.

Tsoka ilo, adalaiva anandikomera mtima n'kukanditula padoko penipeni. Anthu onse anasuzumira pamawindo kuti aone katswiri uja. Bambo wina amene anakhala kumbuyo anatsika nane, n'kulowa m'boti, n'kuliza injini. Anali a Mbewe, oyendetsa ake enieni.

"Kwerani, akaputeni," anatero.

Ndinakwera chokwawa, minibasi yonse ikufa nazo nseko.

Tili pakati pa mtsinje ndinapepesa. Iwo anangoti, "Mwatifikitsa msanga, zikomo. Koma bodza limeneli tilisandutse zoona. Gwirani apa."

Mpaka pano amandiphunzitsa Loweruka lililonse. Mvuu ndimaziopabe, koma tsopano ndimaziopa nditagwira chiwongolero.