Kadzidzi wa pakhoma la Dolika

Ku Madzimoyo, zokolola zikalowa m'nkhokwe, amayi ankatsikira kudambo ndi madengu kukakumba mtsiro. Akazira nyumba, m'munsi mwa khoma ankajambulamo timaluwa ndi mizere. Dolika naye ankatero, mpaka chaka cha 1994 pamene amuna a m'mudzimo anagwetsa nkhalango ya kuseri kwa mudzi kuti alimepo thonje. M'nkhalangomo ndi momwe iye ankatola masuku ndi kuzula bowa ali buthu.

Chilimwe chimenecho timaluwa anatisiya. Anakanya katondo, makala osinja ndi phulusa, naibweza nkhalango ija pakhoma pake: misuku yogonera zipatso, gwape atatchera makutu, nungu, ndipo pambali pa chitseko kadzidzi wamaso ngati zipande.

Amuna ake a Bizwell anali mkamwini wochokera ku Mwami, mkulu wa mpingo wophunzira kumishoni, munthu wa malaya osita. Anati zakutchire zikhale kutchire, pakhomo pa Mkhristu sipoweterapo mbalame ya maliro. Mwana wa nyumba yoyandikana atagwidwa malungo, anthu anayamba kulozerana kadzidziyo ndi milomo. Amene ankabwera kudzapala moto anayamba kulambalala.

Tsiku lina Dolika ali kuchigayo, a Bizwell anapaka khoma lonse laimu amene anagula ku Chipata. Mayiyo atabwera anatula ufa, naliyang'ana khomalo. Kutacha anakanyanso dothi, ndipo pakhoma loyeralo nkhalango ija inabwerera, kadzidzi ali wamkulu kuposa woyamba uja.

"Amake Cynthia," anatero a Bizwell, "musankhe lero, ine kapena chimbalame chanucho."

"Bambo, nkhwangwa yanu inali nawo m'nkhalango muja," anayankha Dolika, manja ali matope okhaokha. "Mtengo wa kadzidziyu munagwetsa. Mufuna akatere kuti? Khoma ili ndinamata ndekha, pamalo pa amayi anga."

A Bizwell anamanga sutikesi panjinga nabwerera kwawo. Ankhoswe anayenda mpaka kutopa. Dolika ankawaphera nkhuku, kuwamvetsera bwinobwino, kenako kuwaperekeza. Mwana wodwala uja anachira, koma palibe anabwera kudzapepesa, ndipo iye sanadikire chipepeso cha munthu. Munda analima yekha. Akamaweruka, msana uli phwii, ankangoona mpando wa amuna ake pakhonde, koma sanausunthe.

Mvula ya mwezi wa Januwale inabwera ndi mphepo, nimenya khomalo mpaka gwape, nungu ndi kadzidzi anasungunuka, natsetserekera pabwalo ngati phala. A Bizwell atamva, anatumiza mawu akuti Mulungu waweruza yekha, tsopano akhoza kubwera. Dolika anabweza mawu akuti khomo ndi lotsekula ndipo mkeka ulipo, koma adziwiretu kuti mvula imafufuta chaka ndi chaka, ndipo katondo kudambo sanathe.

A Bizwell anabwera ndithu, ataonda, kolala ya malaya itakwinyika. Pofika chilimwe, Dolika atayamba kukanya dothi, bambowo ananyamula mpando wawo mwakachetechete nakauika kuseri kwa nyumba, kumene khoma linali lopanda kanthu. Anakhala kumeneko masiku angapo akuwerenga Baibulo lawo mwamtendere.

Kenako Dolika anazungulira komweko ndi phale la katondo. Anawapempha mwaulemu, atagwada, kuti asendere pang'ono, poti kadzidzi uja chaka chino waswa ana.