Tsiku Limene Ndinaimbira Achimwene Kumanda

Ndinadzuka tambala asanalire, kaya ndinagona n'komwe. Achimwene anga a Davide anali gone m'nyumba, atakulungidwa m'mphasa, ndipo panja Akhristu a kwathu kwa Ndamera anali akuimbabe nyimbo za m'buku, mawu atasasa. Chiyambire dzulo lake ine sindinaimbe nawo.

Achimwene anali msodzi. Anapeka nyimbo yawoyawo yolankhula ndi Yesu, pa maimbidwe a anthu opalasa bwato, ndipo ankaiimba chapansipansi akamasoka ukonde, ngati munthu wonong'oneza mnzake. Chifuwa chitawagoneka anandigwira dzanja nati, "Mlongo wanga, pokandiika udzandiimbire ijayi." Ndinavomera. Munthu akutsirizika ungamukanire?

Koma aphunzitsi a mpingo wathu anali ataletsa nyimbo iliyonse yosachokera m'buku la kumishoni. Ankati maimbidwe akumudzi ndi a mowa ndi mizimu, ndipo woimba zotere achotsedwa m'kalasi ya ubatizo. Ine m'kalasimo ndinali nditatha zaka zitatu, ndipo ubatizo wanga unali woti uchitike tikakolola mapira. Chaka chimenecho chifuwa chinkatha anthu ngati chitopa cha nkhuku. Ndinkaopa kufa wosabatizidwa, ndinkaopanso kunamiza wakufa.

Kutacha amayi a m'mudzi anasonkha moto kuseri kwa nkhokwe, naphika mapira ndi milamba youma. Anthu anayamba kufika, ena wapansi, ena pa mabwato kuchokera kutsidya, akulira m'Chisena. Dzuwa lisanakwere kutentha kunali kutayamba kale, mphepo zii. Mayi wina anandipatsa chikho cha madzi, ndinamwa.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Amuna anayi anasenza maliro, aphunzitsi ali patsogolo ndi buku lawo. Iwo ankatchula mzere, mpingo wonse n'kubwereza pamodzi, pang'onopang'ono. Kunena zoona, nyimbozo ndinkazikonda. Ukakhala pakati pa mawu ambiri chonchija suopa kanthu, ndipo mtima unkandiuza kuti ndingobisala momwemo. Ndani ankadziwa za lonjezo langa? Panalibe, koma ine ndi munthu anali m'mphasayo.

Manda athu ali pamtunda, pomwe madzi osefukira safika. Atatsitsa thupi, aphunzitsi anapemphera, kenako amuna anagwira makasu. Sindidziwa kuti pakamwa panatseguka bwanji. Ndinangomva mawu anga, aang'ono, akuti, "Yesu, khala kutsogolo kwa bwato langa, madzi ano sindiwadziwa."

Ndinkafuna kuiimba motsitsa, monga mwini wake. Koma asodzi anazindikira maimbidwe awo, ndipo ndisanamalize kachiwiri anailanda. Amayi anayamba kuwomba m'manja, wina analuluta, mapazi anayamba kugunda pansi. Akhristu omwe aja, amene anachezera ndi nyimbo za m'buku! Ine ndinasiya. Sinalinso ya achimwene, inali phokoso la anthu onse, ndipo mawu anga sindinkawamvanso. Nditadzutsa maso ndinaona aphunzitsi atatseka buku, akuyang'ana ine ndekha.

Pobwerera anthu ankandigwira dzanja, ena n'kumati ndachita bwino. Anasamba m'manja, anadya, anabalalika. Amene anawomba m'manja kwambiri ndiwo anayamba kuchoka.

Dzuwa litapendeka aphunzitsi anabwera, nakhala pa mtondo pakhomo. Sanakalipe. Anali munthu wofatsa, ndipo achimwene anali bwenzi lawo.

"Mayi, lamulo mukulidziwa," anatero. "Aja anangotsatira, woyambitsa ndinu. Kalasi muyambiranso poyamba."

Ndinagwada. "Aphunzitsi, zaka zitatu zina? Nanga chifuwachi chikandipeza chaka chino?"

Aphunzitsi anaimirira, nati pepani ndi malirowa, n'kumapita.

Madzulo amenewo nyumba inali zii. Amayi awiri otsala kudzandigoneka anali kuwodzera pakhonde, moto wa panja utasanduka phulusa. Ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pansi potsamira khoma, dzanja lili pachifuwa, n'kumamvetsera mpweya wanga ngati ukutuluka bwino.