Penti Wobiriwira Pachitseko

Ndikamva fungo la penti watsopano, ndimakumbukira chitseko chathu chakale mpaka lero.

Tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Mfuwe, ine ndi amayi. Tsiku lina masana eninyumba anabwera ndi chitini cha penti wobiriwira n'kuyamba kupaka chitseko chathu. Ine ndinavina, poti kwathu kukhala ngati ku loji ya alendo odzaona nyama.

Amayi sanavine. Anaima chilili, mtolo wa nkhuni uli pamutu.

"Mwaswera bwanji, bambo? Denga lakhala likudontha zaka zonsezi inu osabwera. Lero penti?"

"Kukubwera dalaivala wa ku loji, mayi," anayankha osatembenuka. "Lendi yanuyi iye aiwirikiza katatu. Pakutha kwa mwezi mukhale mutachoka."

"Tipite kuti ndi mwanayu?"

Bulashi inangopitiriza kukwera ndi kutsika. Amayi anayang'ana kutsidya kwa msewu, pakhonde la golosale pomwe mayi wina ankagona pamakatoni ndi ana ake, m'mphepete mwa njira ya njovu. Ndowe za m'mawa zinali zisanaume.

Ndinadinda dzanja langa pachitseko chonyowacho, zala zonse zikuoneka bwinobwino. Bambo aja anandisuntha pang'ono, anaviika bulashi m'chitini, n'kupaka pamwamba pake.