Silipasi Yakumanzere

Lachisanu masana, tsiku la ofu, mnzanga wa ku Philippines amene timagona chipinda chimodzi kuno ku Najma, kudziko la eni kumene ndimagwira ntchito, ankaonera filimu ya kwawo pafoni. Sanandiitane, ndinangosuzumira ndili pabedi langa lapamwamba. Chilankhulo sindinkachimva, koma nkhani inali yoonekeratu. Anyamata a bwana wina wolemera anakankhira munthu m'galimoto, silipasi yake imodzi n'kutsala pamsewu.

"Usadandaule, kumapeto bwanayo amangidwa," anatero m'Chingerezi ataona nkhope yanga.

Koma ine mtima unali utafika kale ku Thyolo.

Ndinali ndisanayambe sukulu. Alonda a pa esiteti anabwera m'mawa, masamba a tiyi akununkhira mame. Ankati bambo anga atola nkhuni m'nkhalango ya kampani. Anawaponya pangolo ya thirakitala ngati thumba la chimanga, silipasi yakumanzere n'kugwera m'matope. Aneba onse anatseka zitseko.

Ndinathamanga kukaitola. Inali yabuluu, chingwe chake chomangidwa ndi waya, kuchidendene itadyeka.

"Lowa m'nyumba iwe!" anakuwa amayi.

"Ayi amayi, abwerera silipasi yawo. Ayenda bwanji ndi imodzi?"

Ndinapukuta matopewo ndi diresi langa, n'kukhala pamwala m'mbali mwa msewu. Phokoso la thirakitala linkachepa pang'onopang'ono kuseri kwa phiri, mpaka kunangoti zii. Ndinalowetsa kaphazi kanga m'silipasimo kuti isazizire bambo asanabwere.