Ndere za m'diramu la azakhali

Lero mwana wanga wabwera kuchokera kusukulu ndi botolo la madzi obiriwira. Fungo lake landibwezera ku Bangwe, kwa azakhali amene anandilera.

Loweruka lililonse ankakhuthula diramu la madzi n'kundilowetsamo ndi mwala wokwechera. "Usatulukemo mpaka ndere zonse zithe," ankatero. Mkatimo munkaterera komanso kununkha ngati dambo, kwinaku ndikumva anzanga akusewera fulaye kuseri kwa mpanda. Pakatha sabata, ndere zinkabwereranso. Ine ndinkaganiza kuti zimamera chifukwa cha litsiro la kumapazi kwanga.

"Amayi, ndere zimafuna dzuwa," mwanayo wandiuza. "Mukavindikira madzi, sizimera."

Chivindikiro cha diramulo chinalipo, ndikuchikumbukira bwinobwino. Azakhali ankachisunga pansi pa bedi lawo.